Shopu imagulitsa ndi makoma omwe: mamangidwe a malo a bizinesi ndi ndalama za zaka zambiri

Amalume anga atapuma ntchito ya uphunzitsi anatenga ndalama za penshoni nkumanga shopu pa trading centre yakwathu, ndipo kunena zoona inali yooneka bwino kuposa mashopu onse pamenepo, penti yabuluu, matailosi pansi, chikwangwani cholembedwa ndi katswiri wochokera ku tauni. Koma bilidala anakweza maziko kwambiri poopa madzi a mvula ndiye kuti ulowe unkakwera masitepe anayi otalika, windo linali limodzi lokha laling'ono poopa akuba, denga lamalata lalifupi lopanda siling'i. Mu October mkatimo munkakhala ngati mu uvuni, majarini amasungunuka, buledi kuchita thukuta mu pepala, mnyamata wogulitsa nkumakhala panja pansi pa mtengo kudikira kuti kasitomala akabwera ndiye alowe naye. Agogo ndi azimayi obereka ana kumbuyo atasenzanso katundu samavutika nkukwera masitepe aja, amangopitirira kukagula pa okala ina yapafupi yomwe inali ndi khonde lalitali la mthunzi ndi benchi. Katundu yemweyo, mitengo yomweyo, mwinanso kwa amalume sopo anali wotchipirako. Iwo ankati anthu akuwachitira nsanje, ena pabanja anayamba kunong'ona za mankhwala. Ine lero ndimati inali nyumba ija basi.

Anthu ambiri tikamva za kakonzedwe ka malo a bizinesi timaganiza za kukongoletsa, mtundu wa penti, magetsi owala mitundumitundu, zomwe umawonjezera ndalama zikatsala. Koma nyumba ya bizinesi ili ngati wantchito amene wamulemba ulendo umodzi ndipo sungamuchotse, tsiku lililonse kwa zaka 20 kapena 30 iye ndi amene akusankha kuti munthu wodutsa pamsewu alowa kapena ayi, akalowa aona chiyani, akhalamo mphindi zingati, wogulitsa wako ayenda mtunda wautali bwanji patsiku, bilu ya magetsi ibwera ya zingati. Ukalakwitsa mtengo wa shuga mawa ukonza. Ukalakwitsa pamene pali khomo, uzilipira kulakwitsako tsiku ndi tsiku ndipo sikuoneka mu buku la maakaunti ngati chinthu chapachokha, umangoona kuti geni siikuyenda.

Tiyambe ndi nkhani yoti kasitomala amadzitengera yekha katundu pa shelefu, chifukwa ambiri timaona ngati zinali choncho kuyambira kale. Ayi. Mpaka chaka cha 1916 golosale ya ku America inali ngati mashopu ambiri akwathu kuno, iwe kunja kwa kauntala, katundu kuseri, umatchula chomwe ukufuna wogulitsa nkukutengera. Mkulu wina dzina lake Clarence Saunders anatsegula sitolo yotchedwa Piggly Wiggly ku Memphis, Tennessee, momwe munthu amalowa pa kachipata, kutenga basiketi, kuyenda njira imodzi yodutsa mashelefu onse nkukalipira potulukira. Sanasinthe katundu, anasintha kayendedwe ka anthu mkati mwa chipinda. Zotsatira zake zinali ziwiri, antchito ofunika anachepa, komanso anthu anayamba kugula zinthu zomwe sanabwerere chifukwa choti aziona ndi kuzigwira. Kenako mu 1937 Sylvan Goldman wa ku Oklahoma City anaona kuti anthu amasiya kugula basiketi ikalemera m'manja, nde anapanga trole. Poyamba anthu anaikana, azibambo ankaona ngati kukankha trole nkuonetsa kufooka, azimayi ankati takankha kale tingolo ta ana mokwanira, mpaka Goldman analemba ganyu anthu oti azingoyendayenda m'sitolo akukankha matrole kuti ena atengere. Trole itabwera mipata ya pakati pa mashelefu inayenera kukula, makomo kukula, malo olipirira kusintha, supamaketi yomwe mukuidziwa lero inabadwa choncho.

Apa wina anena kuti ife timaika waya pa kauntala chifukwa cha akuba, ndipo akunena zoona, sindikutsutsa. Koma muziwerengera mbali zonse ziwiri. Waya uja akuteteza paketi ya mabisiketi yomwe ikanabedwa, komanso akuletsa mapaketi angapo omwe akanagulidwa ndi munthu amene anangobwerera mchere. Mashopu ena amapeza njira yapakati, zinthu zing'onozing'ono zodula monga mabatire, mafuta odzola ndi mayunitsi zili kuseri kwa kauntala, zazikulu zovuta kubisa m'thumba monga ufa, mafuta ophikira a malita asanu, mabeseni, zili poyera, ndipo kauntala ili pafupi ndi khomo pomwe wogulitsa akuona chipinda chonse osatembenuka. Mashelefu apakati akhale aafupi osapitirira pachifuwa. Chitetezo chambiri chimachokera pa maso a wogulitsa, ndipo maso amenewo amapatsidwa kapena kulandidwa ndi pulani ya nyumba.

Pali munthu wina wa ku New York, Paco Underhill, amene ntchito yake ndi kampani yake ya Envirosell kwa zaka zambiri inali kungoyang'ana anthu m'masitolo, ndi makamera komanso anthu olemba pa pepala, kuti munthu walowa, watembenukira kuti, wagwira chiyani, wasiya pati. Zina zomwe anapeza ndi zoseketsa koma mukaziganizira mumaziona ngakhale mu Limbe. Munthu akangolowa pakhomo masitepe oyambirira aja saona kanthu, maso akuzolowera kuwala kwa mkati, thupi likadali ndi liwiro la pamsewu, ndiye katundu amene waikidwa pakhomo penipeni amangodutsidwa. Chinanso, munthu makamaka mzimayi akawerama kuti aone katundu wina nkumugunda kumbuyo podutsa, kamodzi kawiri, amasiya katunduyo nkuchoka ngakhale amamufuna. Mpata wopapatiza womwe mwini shopu amaona ngati wapulumutsa malo oikapo shelefu ina ndi umene ukuthamangitsa ogula. Ndipo munthu amene manja ake adzadza wasiya kugula, nchifukwa chake mabasiketi sayenera kukhala pakhomo pokha.

IKEA, kampani yogulitsa mipando ndi katundu wa m'nyumba, ndiye anafika nazo patali. Kampaniyi inayambitsidwa ndi Ingvar Kamprad ku Sweden mu 1943, sitolo yoyamba inatsegulidwa ku Älmhult mu 1958, ndipo amene analowako ku masitolo awo, kaya ku Britain kaya kwina, akudziwa kuti mumatsatira mivi yapansi kudutsa zipinda zogona, makitchini, mabalaza okonzedwa ngati mukukhala anthu, mpaka mumatuluka ndi makandulo ndi mapilo pomwe munabwerera tebulo. Muli ndi malo odyera mkati momwemo chifukwa munthu wanjala sachedwa kupita kwawo. Koma chomwe chimandisangalatsa ine ndi china, sitolo yawo yaikulu ya Kungens Kurva ku Stockholm itatsegulidwa mu 1965 anthu anachuluka kwambiri moti antchito analephera kuwatengera katundu ku nkhokwe, ndiye anangotsegula nkhokweyo kuti aliyense azidzitengera yekha. Vuto la tsiku limodzi linasanduka pulani ya masitolo awo onse, ndipo mpaka lero ndalama zomwe akanalipira onyamula katundu zimatsala m'thumba.

Tsono apa mpomwe pamafunika kusamala chifukwa nkhani zoterezi zimapangitsa anthu kuganiza kuti kukonza malo a bizinesi ndi kutchera misampha, kuika mkaka kumapeto kwenikweni kuti munthu adutse zonse, maswiti pa tilu kuti ana alire, nyimbo zapang'onopang'ono. Za nyimbozi zinayesedwadi, Ronald Milliman mu 1982 anapeza kuti mu supamaketi ina nyimbo zodekha zinkachititsa anthu kuyenda mosathamanga ndipo malonda anakwera ndi pafupifupi 38 peresenti poyerekeza ndi masiku a nyimbo zothamanga. Zimagwira ntchito, inde. Koma msampha umakola kamodzi kawiri, bizinesi ya zaka 20 imakhala pa munthu amene wabweranso kachikhumi, kachizana, ndipo munthu amabwerera komwe sanavutike.

Nkhani ya Victor Gruen imaonetsa bwino malire amenewa. Iyeyu anali katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku Vienna amene anathawa chipani cha Nazi mu 1938 kupita ku America, ndipo ndi amene anajambula Southdale Center ku Edina, Minnesota, yomwe inatsegulidwa mu 1956, mall (chinyumba chokhala ndi mashopu ambiri mkati) yoyamba yofoleredwa yonse yokhala ndi mpweya wotenthetsedwa kapena kuziziritsidwa ndi makina. Nzeru yake inali yoti masitolo awiri akuluakulu, Dayton's ndi Donaldson's, akhale mbali zosiyana, anthu poyenda kuchoka ku ina kupita ku inzake azidutsa timashopu ting'onoting'ono tapakati. Mpaka pano ndi mmene ma mall amapangidwira, ngakhale pa Chichiri ku Blantyre kapena Gateway Mall ku Lilongwe mudzaona kuti sitolo yaikulu ndi imene imakoka anthu, ma pharmacy, mabanki ndi ogulitsa mafoni nkumadya nawo pa khamulo, ndipo kawirikawiri wamkuluyo amalipira lendi yotsika pa sikweya mita kuposa aang'onowo chifukwa iye ndi amene wabweretsa mapazi. Koma Gruen ankafuna kuti mozungulira mall mukhale nyumba zogona, sukulu, chipatala, paki, kuti pakhale ngati pakati pa tauni ya kwawo. Omanga anatengapo gawo la masitolo lokha, kuzungulira konse nkuthira phula loimikapo magalimoto. Pofika 1978 mkuluyu anali atabwerera ku Vienna ndipo ankazikana poyera nyumba zomwe anthu ankati ndi ana ake.

Ndipo taonani zomwe zinachitika patapita zaka. Nyumba yaikulu yopanda mawindo, yomangidwira ntchito imodzi yokha, yodalira masitolo awiri atatu akuluakulu, akangochokamo amenewo zonse zimagwa pamodzi. Randall Park Mall ku Ohio inatsegulidwa mu 1976 ili imodzi mwa zazikulu kwambiri pa nthawiyo, mu 2009 inatsekedwa, kenako anaigumula, pamalopo panamangidwa nkhokwe ya Amazon, kampani yogulitsa katundu pa intaneti. Zaka 33 zokha. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Nkhani yoti malonda amatsata mapazi a anthu ife tinaiona ndi maso mu 2006 pa nthawi ya Operation Dongosolo, boma la Bingu wa Mutharika litachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda kuti akalowe m'misika yomwe anawakonzera. Misewu inayera ndithu, koma patapita nthawi ambiri anabwerera, ndipo mpaka lero makhonsolo ndi mavenda amangothamangitsana. Anthu amati mavenda ndi osamva. Mwina ena, koma munthu wogulitsa nthochi kapena masokosi sagulitsa kwa munthu amene wanyamuka kunyumba kudzagula masokosi, amagulitsa kwa amene akuthamangira minibasi nkuona masokosi panjira. Ukamuika pa benchi yabwino ya simenti kuseri komwe sikudutsa munthu, wamupatsa denga nkumulanda msika.

Ku Durban anayesa njira ina pa Warwick Junction, pomwe pamakumana masiteshoni a sitima, mabasi ndi mataxi ndipo pamadutsa anthu oposa 400,000 patsiku. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 khonsolo, ndi akatswiri monga Richard Dobson amene pambuyo pake anayambitsa nawo bungwe la Asiye eTafuleni, anayamba ndi kufunsa ogulitsawo ndi kuyang'ana momwe anthu amayendera, kenako nkumanga malo ogulitsira m'njira momwemo. Ogulitsa mankhwala azitsamba anapatsidwa mbali ya msewu wam'mwamba womwe unasiyidwa osamalizidwa, azimayi ophika mitu ya ng'ombe anawakonzera malo okhala ndi ngalande zochotsa mafuta ndi madzi akuda, panamangidwa milatho ya oyenda pansi yotakata yoti anthu azigulitsiranso m'mbali. Mu 2009 panabwera pulani yoti pamalo a Early Morning Market pamangidwe mall, ogulitsa anakana mpaka kukhoti ndipo msikawo ulipobe. Achimwene ndi achemwali amene ali ku Durban akudziwa malo ndikunenawa.

Tibwere ku mbali yomwe eni nyumba ambiri saiganizira pomanga, ndalama zoyendetsera nyumbayo ikatha. Pomanga aliyense maso amakhala pa mtengo wa simenti, malata ndi zitsulo, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye chilichonse chomwe chikuoneka ngati chowonjezera chimadulidwa, siling'i, mawindo am'mwamba otulutsa mpweya wotentha, khonde. Koma simenti umagula kamodzi pomwe magetsi, dizilo wa jenereta ndi katundu woonongeka ndi kutentha umalipira mwezi ndi mwezi mpaka nyumbayo idzagwe.

Chitsanzo chabwino chili pafupi pompa ku Harare. Eastgate Centre, yomwe inatsegulidwa mu 1996, muli mashopu pansi ndi maofesi pamwamba, anaijambula Mick Pearce mothandizana ndi mainjiniya a kampani ya Arup, ndipo ilibe makina akuluakulu oziziritsa mpweya omwe nyumba za msinkhu umenewo zimakhala nawo. Pearce anatengera nzeru ku chulu cha chiswe. Harare ili pamtunda ndiye usiku kumazizira ngakhale masana kutenthe, tsono usiku mafani amakoka mpweya wozizira kuudutsitsa m'mphako zomwe zili mkati mwa konkire ya pansi pa chipinda chilichonse, konkire ija imasunga kuzizirako, masana imakutulutsa pang'onopang'ono pomwe mpweya wotentha ukukwera nkutulukira m'machumuni a njerwa omwe ali padenga. Kunja makoma ali ndi timakhonde totchinga dzuwa kuti lisamenye magalasi. Eni ake anapulumutsa pafupifupi madola 3.5 miliyoni a ku America omwe akanagulira makina aja, osawerengera magetsi a chaka ndi chaka ndi zipangizo zosinthira zomwe zikanafuna ndalama zakunja, ndipo mukakumbukira zomwe chuma cha Zimbabwe chinadutsamo zaka zotsatira mumvetsa kuti imeneyo siinali nkhani yaing'ono. Choseketsa nchoti asayansi anadzapeza pambuyo pake kuti chulu sichigwira ntchito ndendende mmene Pearce ankaganizira, koma nyumbayo ikupumabe bwinobwino.

Simukufunika kukhala ndi ndalama za Eastgate kuti mugwiritse nzeru yomweyo. Denga lokwera, siling'i ngakhale ya mphasa kapena nsungwi, mabowo a mpweya pamwamba pa khoma mbali ziwiri zoyang'anana, khonde kumbali yomwe dzuwa lamadzulo limamenya, filiji osaiika pomwe dzuwa likufika komanso kuisiyira mpata kumbuyo kuti izipuma. Amene anali ndi butchala kapena saluni mu 2022 akukumbuka, namondwe Ana ataononga Kapichira mu January dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo magetsi ankazima maola ambirimbiri kwa nthawi yoposa chaka. Shopu yokhala ndi kuwala kwa dzuwa inkagulitsabe, yamdima ija kasitomala ankaunika ndi foni kuti aone ngati nsalu ili yobiriwira kapena yabuluu.

Za kuwala kwa dzuwaku zinafufuzidwanso. Walmart, kampani yaikulu ya masitolo ku America, mu 1993 inamanga sitolo ku Lawrence, Kansas, yomwe theka la denga linali ndi magalasi olowetsa dzuwa theka lina ayi, ndipo anaona kuti katundu wa mbali yowalayo amayenda bwino. Kafukufuku wa Heschong Mahone Group mu 1999 pa masitolo 108 a kampani imodzi anapeza kuti okhala ndi magalasi apadenga amagulitsa ndi 40 peresenti kuposa anzawo, nambala yomwe ogulitsa magalasi amaikonda kwambiri, koma gulu lomwelo litabwereza mu 2003 pa kampani ina kusiyana kunali kochepa, pakati pa 0 ndi 6 peresenti. Ine ndimakhulupirira yachiwiriyi, komabe 5 peresenti ya chaka chilichonse kwa zaka 20 kuphatikiza bilu yotsika si ndalama yoitaya.

Nanga wantchito? Kasitomala amakhala mu shopu mphindi khumi, wantchito amakhalamo maola khumi. Abale awiri Richard ndi Maurice McDonald, amene anayambitsa malesitilanti a McDonald's, mu 1948 anatseka malo awo odyera ku San Bernardino, California, kwa miyezi ingapo nkukonzanso kitchini yonse kuti aliyense aziima malo amodzi kuchita chinthu chimodzi, ndipo pokonzekera nyumba ina yatsopano anajambula kitchini ndi choko pa bwalo la tenisi kuseri kwa nyumba yawo, antchito nkumayerekeza kuphika kuti aone pomwe akugundana. Choko ndi bwalo basi. Yerekezani ndi malesitilanti athu ambiri komwe mpopi uli panja kuseri, mbaula mbali ina, mbale zotsuka ndi chakudya chopita kwa kasitomala zikudutsa khomo limodzi lopapatiza, mtsikana woperekera akuyenda makilomita patsiku, ikamakwana 1 koloko nsima ikuchedwa, bwana nkumakalipa kuti antchito ndi aulesi, mwezi ukatha mtsikana wasiya ntchito mwayambanso kuphunzitsa wina. Kusinthasintha antchito kumadya ndalama mwakachetechete ndipo gawo lina limachokera ku nyumba yotopetsa, yotentha, yopanda chimbudzi chabwino ngakhale pokhala kuti munthu adye.

Apple nayo inachita zofanana ndi za choko zija koma ndi ndalama zambiri. Asanatsegule masitolo awo oyamba mu May 2001 ku Tysons Corner, Virginia ndi ku Glendale, California, anamanga sitolo yonse yoyeserera mkati mwa nkhokwe pafupi ndi likulu lawo ku Cupertino. Itatsala pang'ono kutha Ron Johnson amene ankatsogolera ntchitoyo anauza mkulu wa Apple Steve Jobs kuti alakwitsa, asanja zinthu potengera mtundu wa makina m'malo motengera zomwe munthu akufuna kuchita nazo monga zithunzi kapena nyimbo. Jobs anakwiya kenako anavomera, anaphwasula nkuyambiranso, kutsegulira kunachedwa ndi miyezi. Kuphwasula sitolo yoyeserera nkotchipa kuposa kuphwasula masitolo 100 enieni.

Maofesi nawo ali ndi nkhani yawo. Fashoni yogumula makoma kuti onse akhale mu holo imodzi imagulitsidwa ndi mawu oti anthu azigwirizana ndi kukambirana, ngakhale chifukwa chenicheni nthawi zambiri nchoti mumalowa madesiki ambiri pa lendi yomweyo. Ethan Bernstein ndi Stephen Turban a ku yunivesite ya Harvard mu 2018 anaveka antchito a makampani awiri akuluakulu tizipangizo toyeza kuti akulankhula ndi ndani, asanagumule makoma komanso atagumula. Kulankhulana pamaso kunatsika ndi pafupifupi 70 peresenti, maimelo ndi mameseji nkukwera. Anthu akaikidwa poyera amadzimangira makoma ena, mahedifoni m'makutu maso pa kompyuta. Amene munagwirako ntchito mu ofesi yotere mukudziwa mmene zimavutira kuimbira foni kasitomala amene ali ndi ngongole anzako khumi akumvetsera.

Tsopano chomwe ine ndimaona kuti ndi mtima wa nkhani yonseyi, ndipo ndi chomwe chimasiyanitsa nyumba ya zaka zisanu ndi ya zaka makumi asanu. Katswiri wa ku Britain Frank Duffy ankaphunzitsa kuti nyumba ya bizinesi si chinthu chimodzi koma zigawo zomwe zimakalamba pa liwiro losiyana. Chigoba, kutanthauza maziko, zipilala ndi denga, chimakhala zaka 30 mpaka 50. Mawaya a magetsi, mapaipi ndi makina zimafuna kusinthidwa pakatha zaka pafupifupi 15. Makoma ogawa zipinda, siling'i ndi makauntala zaka 5 mpaka 7. Mipando ndi mashelefu zimasuntha mwezi uliwonse. Mukawerengera zaka 50, ndalama zosinthira zam'katizi zimaposa kutali ndalama zomwe munamangira chigoba chija. Ndiye funso lofunika pomanga si loti shopu yanga ya lero ikwana bwanji, koma loti zinthu zofulumira kusintha ndingazisinthe osagumula zochedwa kusintha?

Apa mpomwe timalakwitsa kwambiri. Kauntala ya njerwa ndi simenti pakati pa chipinda, mashelefu a konkire omatidwa kukhoma, mapaipi okwiriridwa pansi pa matailosi popanda poti nkutsegula, soketi imodzi pa chipinda chonse kenako maekisitenshoni kulumikizana ngati mpheta pa waya, ndipo moto wa m'misika yathu womwe timaumva chaka ndi chaka kawirikawiri amautchulira mawaya olumikizidwa mwachisawawa, nkupezanso kuti tinjira tadzadza mabenchi galimoto yozimitsa moto ilibe polowera. Bizinesi imasintha msanga kuposa nyumba. Ndani ankadziwa zaka 20 zapitazo kuti pafupifupi shopu iliyonse idzafuna kakona ka Airtel Money ndi Mpamba? Malo oonetsera mavidiyo ndi ma internet cafe aja ali kuti lero? Chipinda chomwe lero ndi golosale mawa chikhala saluni yofuna madzi ndi ngalande, mkuja pharmacy yofuna kuzizira, ndipo landilodi amene chipinda chake chingalandire onsewa popanda kugumula sakhala miyezi isanu ndi umodzi chitseko chili chotseka akusaka wolowamo.

Pitani ku Limbe kapena m'matauni akale ngati Zomba muyang'ane mashopu akale a amwenye aja. Palibe chodabwitsa pa maonekedwe, chipinda chachitali chamakona anayi, denga lokwera, khomo lalikulu loyang'ana msewu, sitolo ya katundu kumbuyo ndi khomo lake lotsitsira katundu osasokoneza ogula, kutsogolo khonde lotakata. Nyumba zimenezi zagulitsa nsalu, zagulitsa hardware, zagulitsa mafoni, zina zagawidwa pawiri patatu, zikugwirabe ntchito. Ndipo khonde lija silinali la mthunzi wokha, pamakhala telala ndi makina ake, munthu amagula nsalu mkati nkusokeratu panja, telala akubweretsa makasitomala kwa mwini sitolo, mwini sitolo kwa telala, mvula ikagwa odutsa amausa pomwepo maso nkumaona katundu. Ndi nzeru yomweyo ya Gruen ya sitolo yaikulu ndi yaing'ono, kungoti pano yachitika ndi mizati inayi ndi malata ochepa.

Ndisanamizire kuti pulani yabwino imapulumutsa chilichonse. Ron Johnson yemwe uja wa Apple anapita kukatsogolera JCPenney, kampani ina ya masitolo ku America, kumapeto kwa 2011 nkuyamba kusintha masitolo kukhala timashopu tokongola mkati mwa sitolo, nthawi yomweyo anathetsa makuponi ndi maselo otsitsa mitengo omwe makasitomala awo anazolowera, ndipo ulendo uno sanayese kaye pa masitolo ochepa. Malonda anagwa ndi pafupifupi 25 peresenti chaka chimodzi, mu April 2013 anamuchotsa. Anakonzera malo kasitomala amene ankamufuna m'mutu mwake osati amene ankalowadi pakhomo. Zimachitikanso kwathu, munthu wabwera kuchokera ku Joni wamanga shopu ya magalasi okhaokha ndi matailosi oterera pa trading centre ya kumudzi, anthu ovala mapatapata a matope nkumaopa kulowa poganiza kuti zinthu zake ndi zodula, asanafunse nkomwe mtengo.

Nchifukwa chake musanaitane bilidala kakhaleni pamalopo tsiku lathunthu, la msika ndi losakhala la msika, muone anthu akuchokera mbali iti, akabaza amaima pati, dzuwa la 3 koloko likumenya khoma liti, madzi a mvula amathamangira kuti. Jambulani chipindacho pansi ndi ndodo kapena phulusa, ikani makatoni pomwe pakhale mashelefu, wina ayerekeze kulowa atabereka mwana ndi thumba m'manja, wina akhale pa njinga ya olumala ngati ilipo, wina alowetse thumba la ufa la makilogalamu 50 pomwe ena akulipira. Mufunse amene adzagulitsemo, osati mwini ndalama yekha.

Shopu ya amalume ija anaibwereketsa kwa mayi wina wogulitsa zitenje ndi ziwiya. Asanalowe anapempha kuti lendi ya miyezi itatu aigwiritse ntchito kukonza, amalume anavomera monyinyirika. Anathira dothi ndi simenti kutsogolo masitepe aja nkukhala chitunda chotsetsereka pang'onopang'ono, anaboola khoma lakumsewu nkuika windo lalikulu la zitsulo, anatsegula mabowo awiri pamwamba kumbuyo, nkuzika mizati itatu ya bulugamu ya khonde. Pakhondepo pano pamakhala telala ndi mnyamata wa Airtel Money, onse amalipira kangachepe kwa mayiyo. Amalume akamadutsa amaima pamthunzipo kucheza ndi telala, ndipo amanenabe kuti mayi ameneyu ali ndi mankhwala amphamvu.